Chala cha Boma

Ufumu wa Indebwana musavutike kuufuna pa mapu. Amene ankajambula mapu anali Azungu a ku Chisanu, ndipo tsiku lojambula dera limeneli wina anali ataikapo kapu ya tiyi, basi wojambulayo anangolambalala. Koma dzikolo linaliko ndithu, ndi mfumu yake Ndavomera Wachinayi, mwana wa Ndavomera Wachitatu, banja limene linalamulira mibadwo inayi osakanapo kanthu. Azungu a ku Chisanu atafika n'kunena kuti abwera kudzateteza dzikolo, mfumu inavomera isanafunse n'komwe kuti akuliteteza kwa yani.

Tsono chitetezo chimafuna mfuti. Kunyamula mfuti pa sitima kuchokera ku Chisanu inali ntchito yaikulu, pamene ku Indebwana kunali chitsulo, makala, ndi anthu osula amene makolo awo ankasula makasu Azungu asanadziwe kuti kunja kuno kuli dzuwa. Choncho Boma linatsegula Ofesi ya Zida za Nkhondo mumzinda waukulu wa Gwadani, n'kuikapo mkulu wake, Mzungu wamtali wofiira khosi amene dzina lake lenileni linkafuna mano ambiri kulitchula. Anthu anangomutcha Bwana Sizololedwa, poti ndiwo mawu oyamba amene anaphunzira m'chilankhulo cha dzikolo, ndipo anawakonda kwambiri moti ena onse ankawasiyira womasulira.

Bwanayu anali ndi nkhawa imodzi yomwe inkamuwondetsa. Ankafuna kuti anthu akuda amupangire mfuti, koma sankafuna kuti adziwe kupanga mfuti. Ataganiza miyezi itatu anatulutsa Lamulo Loyamba la Zida, loti munthu wakuda asaone mfuti yathunthu, ndipo wopanga mbali imodzi asaone mbali inayo mpaka imfa. Mipope ya mfuti, muja mumadutsa chipolopolo, inkasulidwa ku fakitale ya ku Chibowo. Zipolopolo zinkaumbidwa ku fakitale ya ku Kaphulika, ulendo wa masiku awiri, kutsidya la mtsinje wa Musawoloke. Mfuti zake zinali zagogodera zija zothira onga kukamwa, chifukwa zamakono Bwana ankati n'zovuta kuti ife tizimvetse.

Kapitawo wa ku Chibowo anali a Yotamu Thawale, wosula wobadwira pa chipala, munthu wa manja akulu ndi mawu ochepa. Tsiku loyamba ntchito anavula chipewa n'kufunsa funso limene wosula aliyense akanafunsa.

"Bwana, bowo la mpopewu likhale lalikulu bwanji?"

"Sizololedwa," anatero Bwana.

Muyezo weniweni unalipo, kachitsulo kosalala kochokera ku Chisanu. Koma poti kanali chinsinsi cha nkhondo, kankagona m'bokosi lachitsulo lokhoma ku Gwadani, ndipo munthu wakuda sankaloledwa ngakhale kudziwa mtundu wa bokosilo.

"Ndamva, bwana," anatero a Thawale. "Koma nanga tiboola bwanji?"

Bwana anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa chala chake chachikulu. "Chonchi," anatero, ndipo nthawi yomweyo anabweza dzanja m'thumba ngati munthu amene waulula zambiri.

A Thawale sanaone vuto. Osula a ku Indebwana chiyambire ankayeza ndi thupi, khasu ndi chikhatho, mkondo ndi mkono. Mpope uliwonse ukatha, iwo ankalowetsamo chala chawo chachikulu cha kumanja mpaka pamfundo, ndipo chikatuluka ndi kaphokoso koti pho! mpopewo unali utakhoza mayeso. Zimene sankadziwa n'zoti ku Kaphulika, kapitawo wa zipolopolo, a Kaondo, anafunsa funso lomwelo, anaonetsedwa chala chomwecho, nawonso n'kuyamba kuyeza ndi chawo. Ndipo a Kaondo anali munthu wowonda moti akaima cham'mbali anthu ankawalemba kuti sanabwere kuntchito.

Zaka khumi ndi chimodzi zinatha, mipope ikuunjikana m'nkhokwe ya Boma kuno, zipolopolo zikuunjikana uko, osakumana. Chaka chilichonse Bwana ankalemba kalata ku Chisanu yoti ntchito ikuyenda bwino, ndipo sankanama, poti palibe mfuti ngakhale imodzi imene inali italephera kuwomba.

Kenako Azungu a ku Chisanu anayambana ndi asuweni awo a ku Nkhungu pa nkhani ya chilumba china chopanda anthu. Lamya inalira ku Gwadani kuti mfuti zonse za ku Indebwana zikufunika msanga. Asilikali achizungu anadzitsekera m'nkhokwe n'kulumikiza mfuti yoyamba, ndipo Boma linaitana mfumu, nduna, makapitawo ndi anthu onse ku bwalo lalikulu kuti adzaonerere kuwomba kwake. Koma Lamulo Loyamba linali likugwirabe ntchito. Choncho onse analamulidwa kufulatira, ndipo Mfumu Ndavomera, atavala mkanjo wake wa pa zikondwerero, anaonerera mwambo wonsewo ndi nkhongo.

A Thawale anaima pamzere wa makapitawo, maso ku mitengo, mtima ukugunda ndi kunyada. Anamva lipenga. Anamva Bwana akufuula. Anatseka makutu kudikira chiphaliwali. Chimene chinamveka ndi kakuti phu, ngati mbuzi yayetsemula, ndipo patapita kanthawi kachipolopolo kanabwera kakugubuduka pang'onopang'ono, kanadutsa pakati pa miyendo ya mfumu, n'kukaima pafupi ndi nkhuku ina imene inkadya zake. Nkhukuyo inakajompha kawiri n'kukasiya.

Anayesa kachiwiri. Ulendo uno msilikali anangoweramitsa mfuti pang'ono kuti alunjike, chipolopolo n'kutuluka chokha kugwera pa nsapato yake. Mumpope wa a Thawale chipolopolo cha a Kaondo chinkangoyendayenda ngati mtedza m'chitini.

Mawa lake bwalo la mfumu linakhala. A Thawale anaitanidwa n'kukhala pamphasa, thukuta lili kamukamu, akudziwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. A Kaondo sanaitanidwe, poti makapitawo awiriwo akanakhala pansi pa denga limodzi akanatha kuuzana zinthu. Nduna ina yachikulire inafunsa mwaulemu ngati sikukanatheka kungotsegula bokosi lachitsulo lija n'kuona amene walakwa. Womasulira anayankha kuti kiyi wake anapita ku Chisanu m'thumba la Mzungu wina amene anapuma ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo kuthyola bokosi la Boma sikololedwa.

Pamenepo Bwana anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali. Anati mpope umodzi umatenga mwezi kuusula, pamene chipolopolo ndi mtovu chabe, umausungunula m'mawa, masana waumbanso. Motero wolakwa ayenera kukhala zipolopolo. Kuyambira tsiku limenelo, muyezo wa mfuti zonse za ku Indebwana unali chala chachikulu cha kumanja cha Yotamu Thawale.

Nduna yaikulu, a Pakamwa, analumpha ngati aponda moto. Munthu ameneyu sankalola Mzungu kukhosomola popanda iye kuthirira ndemanga.

"Anthu inu, mwamva? Maiko ena amanyadira mapiri, ena migodi. Ife lero tapatsidwa chala! Chala chimenechi chidzagwetsa a ku Nkhungu! Makolo ankati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma makolowo sanaone chala ichi! Ndikupempha mfumu kuti chitchedwe Chala cha Boma!"

"Ndavomera," inatero mfumu.

Anthu anaomba m'manja. Kunena zoona, a Thawale anamva kukoma. Anayang'ana chala chawo chija, chakuda ndi makala, chikhadabo chong'ambika, n'kuona kuti chinali chokongola ndithu, kungoti iwo sankachiyang'anitsitsa.

"Muyezo upite ku Kaphulika Lachisanu," anapitiriza Bwana kudzera mwa womasulira, "kuti zipolopolo ziumbidwenso."

"Zikomo, bwana," anatero a Thawale. "Ndiye ndikakonze kamba, poti ndi ulendo wa masiku awiri."

"Sizololedwa!"

Womasulira anafotokoza mofatsa, maso ali pansi. Wopanga mipope sangalowe ku fakitale ya zipolopolo. Lamulo ndi lamulo. Chopita ku Kaphulika ndi chala, ndipo dokotala wa Boma abwera Lachisanu m'mawa ndi mpeni wake ndi botolo la mankhwala losungiramo.

A Thawale anayesa kupempha njira ina.

"Pepani bwana, nanga a Kaondo atabwera iwowo ku Chibowo kudzachiona?"

"Sizololedwa. Aona mipope."

"Nanga titakumana pakati, pa mtsinje?"

"Sizololedwa. Mukambirana."

"Nanga nditasema kamtengo kofanana ndendende ndi chalachi? Ndi ntchito ya mphindi zochepa, bwana."

Bwana anafiira mpaka m'makutu. Kupanga muyezo, anatero womasulira, ndi ntchito ya akatswiri a ku Chisanu okhaokha. Munthu wakuda wopezeka akupanga muyezo alandira zikoti makumi awiri ndi zinayi, ndipo muyezo wakewo uwotchedwa.

A Thawale anakwawa ndi mawondo kufupi ndi mpando wa mfumu. "Mfumu, ine ndine wosula. Nyundo imagwiridwa ndi chala chimenechi. Mukachichotsa mwandipha ndikuyenda. Ndine mwana wanu, ndilankhulireniko."

Mfumu inawayang'ana ndi chisoni chenicheni, chifukwa sinali munthu woipa mtima. Inayang'ananso Bwana. Pakamwa pake panagwedezeka ngati pakufuna kutuluka mawu achilendo, koma mibadwo inayi si masewera.

"Ndavomera," inatero, ndipo palibe anafunsa kuti yavomera za yani.

"Musadandaule, a Thawale," anawonjezera a Pakamwa. "Mutsala ndi zisanu ndi zinayi. Ena a ife tikanakonda kupereka, kungoti zathu sizinasankhidwe."

Anatuluka m'bwalomo ndi msilikali pambali, amene anapatsidwa ntchito yolondera chalacho mpaka Lachisanu. Msilikaliyo anawauza mosabisa kuti za munthu yense iye sizikumukhudza. Galu akawaluma mwendo ndi zawo, bola dzanja lamanja likhale m'mwamba.

Anapita molunjika kumsika wa Gwadani kumene akazi awo, Nasimango, ankagulitsa nkhuku. Nkhani inali itafika kale, poti ku Indebwana chinsinsi cha nkhondo chinkafika kumsika chisanafike kwa asilikali.

"Perekani njira, Boma likudutsa!" anafuula mayi wina wogulitsa zitumbuwa. "A Thawale, tatiuzani, mukafuna kukanda pamsana muziyamba mwalemba kalata?"

"Inu musaseke," anatero wogulitsa fodya. "Chaka chatha anatenga ng'ombe zathu, chaka chino ayamba zala. Akuyenda mwadongosolo anthu amenewa. Pofika kumutu tidzakhala titazolowera."

"Koma mwayi ulipo," anatero wa zitumbuwa uja. "Akanayeza mizinga akanafuna ntchafu."

Msika wonse unafa nazo kuseka, ngakhale msilikali yemwe. A Thawale okha ndiwo sanaseke. Anakhala pa mwala pafupi ndi akazi awo, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu wofuna kuyankha, misozi ikulengeza.

"Mai a Lute, zanga zada," anatero. "Bambo anga anandipatsa nyundo ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndikhala ndani ine popanda chala chimenechi?"

Nasimango anali mkazi woganiza kaye, ndipo poganiza ankakonda kuyang'ana katundu wake. Nkhuku zake zinali m'dengu lalikulu lovundikira, ndipo tambala wina anali atatulutsa mutu pa kabowo ka m'mbali, thupi lonse lili mkati.

"Bambo a Lute," anatero, "lamulolo likuti chiyani kwenikweni? Likuti musapite, kapena musaone?"

"Likuti ndisaone."

"Basi pukutani m'maso. Mawa tipitira limodzi kubwalo."

Tsiku lotsatira Nasimango anagwada pakhomo la bwalo n'kuomba m'manja mpaka anamulola kulankhula. Anayamba ndi kuthokoza Boma chifukwa cha ulemu waukulu umene linapatsa banja lake. Kenako anapempha kufunsa kafunso kamodzi ka munthu wosaphunzira.

"Bwana, ine ndimadziwa za nyama basi. Kodi munaionapo nyama imene inachoka pa mwini wake n'kukhalabe mmene inalili? Mukaiwamba imachepa. Mukaiviika imatupa. Chala chimenechi pofika ku Kaphulika chidzakhala cha munthu wina. Nanga Boma liwononge muyezo wake ndi manja ake?"

Bwana anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake aja, koma sanapeze powaika.

"Ndiye ine ndimati," anapitiriza Nasimango, "akalipentala akhome bokosi, aboole kabowo kamodzi m'mbali. Amuna angawa alowemo, atulutse chala pabowopo. Chala chifika ku Kaphulika chili chamoyo, iwo osaona kanthu."

Bwana anaitanitsa buku la malamulo, n'kulivundukula kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Lamulo linkaletsa munthu kulowa ku Kaphulika, koma za katundu silinanene kanthu, ndipo katundu alibe maso. Vuto linali loti munthuyo amulemba kuti chiyani. A Pakamwa ndiwo anathandiza. Anati khasu lili ndi mpini, nkhwangwa ili ndi mpini, nanga muyezo ulekerenji? Motero kalaliki analemba m'buku la zida kuti: Muyezo umodzi, pamodzi ndi mpini wake.

"Ndavomera," inatero mfumu, ulendo uno ikumwetulira.

Kumsika anamunyamula m'mwamba Nasimango. A Thawale anavina dzanja lili m'mwamba. Anati m'moyo mwawo anali asanaonepo mkazi wanzeru ngati ameneyu, ndipo sankanama. Ankawerengera kuti ndi nkhani ya mlungu umodzi: a Kaondo aona chala, akonza zikombole zawo, iwo n'kubwerera ku chipala chawo.

Lachisanu analowa m'bokosi muja akuseka. Linali lokwana munthu kukhala pansi ndi kugona chopinda miyendo, lili ndi kachitseko kumbuyo kolowetsera chakudya ndi kutulutsira zina zosayenera kutchula. Akalipentala anakhomerera chivundikiro ndi misomali, Bwana anamata chidindo chofiira, ndipo pamwamba analembapo kuti KATUNDU WA BOMA, OSAGUBUDUZA. Amtengatenga asanu ndi atatu analisenza, ndipo m'midzi yonse ya m'njira ana asukulu anaimikidwa pamzere kuimbira chala chimene chinkadutsa chili panja.

Ku Kaphulika analiika pa tebulo pakati pa fakitale. A Thawale anamva fungo la mtovu wosungunuka, kenako zala zoonda zozizira zikugwira chala chawo.

"Kalanga ine," anatero mawu ena chapansipansi. "Achimwene, chonsechi n'chala? Ndiye ine zaka zonsezi ndimaumba mankhwala a mutu."

"Ndinu a Kaondo? Konzani zikombole msanga, achimwene, muno mukutentha."

"Sizololedwa!" anakuwa Bwana, amene anali ataperekeza bokosilo. Katundu salankhula, ndipo wolankhula ndi katundu akaonedwa ndi dokotala.

Apa m'pamene a Thawale anadziwa kuti mvula ikakuona litsiro sikata. Kudinda chalacho m'dothi kuti apange chikombole kunali kupanga muyezo, ndipo zimenezo n'zikoti makumi awiri ndi zinayi. Njira yololedwa inali imodzi yokha: a Kaondo aziumba mongoyerekeza, kenako chipolopolo chilichonse, chimodzichimodzi, azichiika pambali pa chala n'kutsinzina diso limodzi. Chikafanana chipite m'thumba, chikapanda kufanana chibwerere pamoto. Ndipo zipolopolo za zaka khumi ndi chimodzi zinali zodzaza nyumba zitatu.

Mlungu unatha, mwezi unatha. Dokotala wa Boma, amene anali atakhumudwa kuti mpeni wake sunagwire ntchito, anapeza pobwezera. Anati muyezo usanenepe kapena kuwonda, choncho mpini uzidya chinangwa zidutswa zinayi patsiku ndi kansomba kamodzi, mchere pang'ono kuopa kutupa. Nasimango anagulitsa nkhuku zake zonse n'kusamukira ku Kaphulika kuti aziphika yekha. Pachipata sanamuletse. Olemba Lamulo Loyamba anali asanaganizepo zoti akazi nawonso ali ndi maso, moti mayiyu, amene ankaidziwa mipope ngati miphika yake, ankadutsa pakati pa zipolopolo tsiku ndi tsiku, ndipo m'dziko lonselo ndiye yekha akanatha kupanga mfuti.

Tsiku lililonse ankagwada pa kachitseko kaja, kunamizira kukonza mbale, n'kumanong'ona nkhani zakumudzi. Lute wakwatiwa. Lute ali ndi pakati. Lute wabereka mwana wamwamuna, ndipo mwanayo anamubweretsa n'kumugwiritsa chala cha agogo ake, poti ndi mbali yokhayo imene ikanatheka kuonana nayo. A Thawale anamva kadzanja kofunda kakufinya chala chawo, ndipo analira m'bokosimo mopanda manyazi. Msilikali wolondera bokosilo analemba lipoti loti katundu akudontha.

Zipolopolo zinatha kuyezedwa patapita zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Bwana anatumiza lamya ku Chisanu kuti Indebwana yakonzeka kumenya nkhondo. Yankho linabwera loti nkhondo inatha chaka chatha, chilumba chija anagawana pakati, kodi kalata simunalandire? Linapitiriza kunena kuti Boma la ku Chisanu latopa ndi kuteteza anthu, choncho Bwana alongedze katundu, dziko alibweze kwa eni ake.

Nasimango anathamanga ndi nkhaniyi mpaka mpango kugwa. "Bambo a Lute, akupita! Azungu akupita! Tapirira, tapambana. Chala chilipo, inunso mulipo."

Tsiku la ufulu bokosi linanyamulidwa kupita ku bwalo la Gwadani pamodzi ndi zida zonse, kuti ziperekedwe m'manja mwa mfumu. A Thawale ankamva ng'oma, nthungululu, ndi mbendera ikukwera pa chingwe cholira. Anamva Bwana akuwerenga mndandanda wa katundu mpaka pa mawu oti muyezo umodzi pamodzi ndi mpini wake. Anamva mfumu ikuti yavomera. Anamva galimoto ya Bwana ikunyamuka. Anadikira phokoso la nyundo yozula misomali, koma chimene anamva ndi a Pakamwa akukonza kukhosi. Tsopano anali Nduna ya Zida ndi Chitetezo.

"Anthu a mfulu a ku Indebwana! Atsamunda anatibera zambiri, koma ichi analephera kunyamula. Dziko lopanda muyezo si dziko. Adani atizungulira, ndipo mafakitale athu agwira ntchito kuposa kale. Malamulo a zida tawaunika bwinobwino, ndipo tapeza kuti vuto lake linali limodzi, loti ankawasunga ndi alendo. Lero tiziwasunga tokha! Kuyambira pano ichi si Chala cha Boma la atsamunda ayi. Ndi Chala cha Fuko!"

A Thawale anamenya matabwa ndi mutu, ndi zigongono, ndi mapazi.

"Mfumu! Mfumu yanga! Ndine Thawale, wosula wa ku Chibowo! Ndagonja ine. Itanani dokotala uja adule chalachi, mutenge, ndi chanu. Ine ndizipita kwathu ndikaone mdzukulu wanga."

A Pakamwa anagwira pamtima ngati alasidwa. "Mwamva zimene ukapolo umachita? Munthu mpaka kupempha yekha kuti adulidwe! Ayi, bambo. Odula anthu ziwalo anali atsamunda. Boma lino ndi lachifundo, silidzalola kuti mwana wa dziko lino akhetse ngakhale dontho limodzi la magazi. Ndipo aliyense wokhudza Chala cha Fuko ndi chitsulo adzaimbidwa mlandu woukira dziko."

Mfumu inanena mawu ake. Anthu anaomba m'manja, ena chifukwa asilikali ankayang'ana, ena chifukwa manja anali atazolowera. Masana omwewo bokosi linapakidwa penti ya mitundu ya mbendera yatsopano, ndipo wopakayo anapempha mwaulemu kuti mpini ubweze kaye chala mkati kuopa kuchidetsa.

M'mawa mwake, bokosi lili pakhonde la Ofesi ya Zida kudikira amtengatenga obwerera nalo ku Kaphulika, Nasimango anafika ndi mbale yake monga mwa masiku onse. Mlonda anawerenga zidutswa zinayi za chinangwa n'kupita kukaothera dzuwa. Mayiyo anagwada, osati pa kachitseko ka kumbuyo, koma kutsogolo, pa bowo lija.

"Bambo a Lute."

"Mai a Lute."

"Nzeru ya bokosi inali yanga. Ndinkati ndikupulumutsa chala, osadziwa kuti ndikutaya munthu. Mundikhululukire."

"Musatero. Ndinalowamo ndikuseka ndekha."

Nasimango anamasula mfundo ya chitenje chake n'kutulutsa mpeni wake wophera nkhuku. A Thawale sanauone, koma anamva ukukhudza thabwa, ndipo wosula salakwitsa kulira kwa chitsulo chonoledwa bwino.

"Ndaunola kuyambira dzulo," anatero Nasimango. "Nsanza zoyera ndatenga. Tiwasiyira pabowo pomwepa chinthu chawocho. Mpini wopanda khasu palibe amaulondera."

"Mwamva zimene ananena a Pakamwa? Atimanga tonse awiri."

"Atimange. Kundende kuli zenera, bambo a Lute, ndipo zaka zake amakuuza. Tulutsani chalacho."

Kenako pa bowo paja, pakati pa penti yatsopano yosauma bwino, chala chinatuluka pang'onopang'ono.

"Mudule pamfundo," anatero a Thawale. "Ndipo musatseke maso, mai a Lute, mungatenge ndi chinzake."